Lamba Wanga pa Boda ya Mwanza

Sekani ndithu, ine ndinaseka kale, ndipo amene akufuna kundinena andinene ndili pompano, asadikire kuti nditembenuke. Nkhani imene yakhala ikuzungulira mu sitafurumu muno, yoti Mayi Chikopa a Sitandade 4 anagwidwa pa boda ya Mwanza nthawi ya holide, lero muimve kwa mwini wake. Inde, ndinagwidwa, sindikukana. Koma ena akuti chinali chamba, ena akuti miyala ya mtengo wapatali, wina mpaka anauza amuna anga kuti ndinagona m'chitolokosi. Abale inu, nkhope yangayi ndi ya munthu wodziwa kumene amagula miyala?

Mukukumbuka kuti teremu yathayi ndinachita chizungulire ndikulemba pa bolodi, mpaka ana anandigwira kundikhazika pa desiki. Ku chipatala anamwino sanazungulire, anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo thupili ndilichepetseko ngati ndikufuna kudzaona zidzukulu. Mawu amenewo anandilowa. Teremu yonse ndinalimbana nalo thupili, mandasi a pa buleki ndinawasiya, shuga mu tiyi ndinachepetsa, minibasi ndinkatsikira patali kuti ndiyendeko, ndipo masiketi anayamba kundimvera, zipi n'kumatseka osapempha thandizo kwa munthu. Ndiye holide itafika, achemwali anga a Esinati akundiitana kuti ndikapume kwawo ku Mwanza, mantha anga anali amodzi basi: zonse ndavutikirazi zikathera m'mapoto a achemwali.

Chifukwa achemwali angawo, inu, saphika ngati munthu woti mawa adzaphikanso. Anakwatiwa ndi a Zuze, bambo aulemu kwambiri, ntchito yawo ndi yoombolera anthu katundu pa boda, ndipo pa Mwanza palibe dalaivala wa thiraki kapena wabizinesi amene sawadziwa. Pakhomo pawo mlendo akachoka osanenepa, achemwali amaona ngati atukwanidwa.

Choncho ndinanyamuka nditakonzeka ngati msilikali. M'chikwama ndinaika lamba wochepetsa mimba, wakuda uja wamphira wokhala ndi zomata, amene ndinagula kwa mnzathu wina muno. Sindimutchula, koma akudzidziwa, ndi amene akuyang'ana pa windoyo. Ndi yemweyo anandilangiza kuti, "Mukafuna zichitike msanga, muyambe mwakulunga majumbo pamimba, kenako lamba pamwamba. Mafuta onse amatuluka ngati thukuta." Ine, munthu wophunzitsa sayansi ana a eni ake, ndinagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo.

Tsiku lofika ndinapeza patebulo pali mpunga, nkhuku ya lokolo, mang'ina, futali, ndi nyemba zothira tomato mpaka kufiira. Ndinameza malovu, ndinakhala mowongoka, n'kulengeza.

"Achemwali, ine ndili pa dayeti. Mungondipatsa masamba owiritsa ndi manachesi."

Achemwali anaika chipande pansi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Feli, ndine mkulu wako, usandibise. Waonda chonchi, kudya ukukana. Unakayezetsa?"

"Achemwali, sindikudwala, ndikungochepetsa thupi!"

"Thupi lakulakwira chiyani? Amayi anali onenepa, agogo anali onenepa, iwe ukufuna ufanane ndi ndani m'banja muno?"

Tinabwerera patebulo, alamu a Zuze akungomwetulira, akunyema ntchafu mwaulemu. Anati, "Alamu, mawa mudzadya. Onse obwera kuno amayamba choncho." Mawu amenewo ndi amene anandiputa. Ndinamenya patebulo ndi chala n'kunena kuti, "Alamu, holide yonse ino simudzandiona ndikuika nyama pakamwa. Ine ndikanena ndanena." Mwaona mmene munthu amadzikumbira dzenje ndi pakamwa pake? Anamwino sanandiletse nyama ayi. Anangoti ndizidya moyenera. Zoletsa nyamazo ndinaonjezera ndekha chifukwa chofuna kuoneka wolimba pamaso pa alamu.

Masiku otsatira ndinadya manachesi, abale. Mwanza ndi kwawo kwa manachesi, ndipo ndinawadya mpaka mano kuchita dzanzi, mpaka zala kununkha makoko ngakhale nditasamba ndi sopo. Achemwali nawo ankachitira dala. Nyama ankakazingira pafupi ndi windo la kuchipinda kwanga, n'kumakupiza utsi ndi chivundikiro cha poto. Ine ndili gwa, kusenda nachesi langa, m'mimba mukulira ngati muli msonkhano wa achule.

Ndiye Loweruka lina achemwali anati tipite ku Zobwe, tsidya la Mozambiki, akagule zitenje ndi mafuta ophikira. Ndinati eya, lero ndiye tsiku lotentha mafuta. Ndinalowa kubafa ndi majumbo, selotepi ndi lamba uja. Ndinakulunga, ndinamata, ndinakulunganso, kenako ndinapuma mpweya wonse kunja n'kukoka lamba mpaka maso kutuluka. Nditadziyang'ana pagalasi, chiuno ngati cha mavu! Kupuma kunali kwa pang'onopang'ono ngati ndikuba mpweyawo, koma ndani amasamala za kupuma chiuno chikaoneka? Pamwamba ndinavala bulauzi yotaya ndi chitenje.

Vuto linayamba ndisanatuluke pageti. Ndikaponda, pamimba pankamveka tswa, tswa, tswa.

"Chikulira n'chiyani?" anafunsa achemwali.

"Pitikoti watsopano."

"Pitikoti wake wa malata?"

Ndinangofulumira kutsogola. Pa boda ya kwathu anatidindira ziphaso bwinobwino. Kwa amene simunafikeko, ukadutsa geti la Malawi sikuti wafika ku Zobwe, pali kamtunda ndithu, msewu wokwera ndi kutsika m'mapiri, mathiraki atandandana. Anthu anzeru amakwera njinga zamoto za kabaza. Achemwali anaitana ziwiri, ine ndinati ayi, yanga ibwerere, ndiyenda wapansi, ndalama zanga ndamanga pa nsonga ya chitenje, iwo angonditengera chikwama kuti ndipepukidwe.

"Feli, dzuwa ili?"

"Dzuwa ndiye ndikulifunalo."

Anandiyang'ana ngati munthu amene akumuona komaliza, anatenga chikwama, njinga n'kuuluka.

Poyamba ndinkayenda mwamatama, mikono ikugwedezeka ngati azungu a pa TV. Nditakwera chitunda choyamba, thukuta linayamba. Osati thukuta lomwe mukulidziwa inu. Majumbo aja anasanduka thumba la madzi ofunda, ndikaponda ndinkamva khuvu, khuvu, ena akutsika m'miyendo mpaka mu nsapato. Madalaivala atakhala pansi pa mathiraki awo akuphika tiyi ankangonditsata ndi maso, wina n'kukuwa, "Mayi, galimoto yafera pati, tikakankhe?" Ndinamuyang'ana mwaukali, koma kuyankha kunafuna mpweya, ndipo mpweya ndinalibe. Pa chitunda chachiwiri ndinaona timadontho takuda tikuvina m'maso. Ndinaimitsa kabaza amene ankadutsa. Kukwera kwake kunali nkhondo, chifukwa lamba sankalola kuti ndipinde msana, ndinakhala chilili ngati thabwa limene akupita nalo kwa kalipentala. Wakabaza anati, "Mayi, masukani pang'ono, tingagwe." Ndinati, "Yendetsani, bambo, ine ndinabadwa chonchi."

Achemwali ndinawapeza mu shopu ya nsalu, atazunguliridwa ndi zitenje, akunenerera mtengo ngati akuweruza mlandu. Anati, "Wafika msanga bwanji?" Ndinati ndimayenda mwachangu masiku ano. Ndinawauza kuti ndikawadikira panja pamthunzi, chifukwa ndimawadziwa, akalowa mu shopu ya nsalu amatuluka dzuwa litapendeka.

Mthunzi umene ndinasankha, ndikulumbira, sindinadziwe kuti uli pafupi ndi bambo wootcha nkhuku. Ndinangomva fungo likundigwira pakhosi. Adyo, mandimu, tsabola wa piripiri, mafuta akudontha pamakala n'kumachita tsss. Munthu amene wakhala akudya masamba owiritsa ndi manachesi, m'mawa osadya kanthu, atakwera mapiri awiri, mukuganiza kuti akanatani? Inuyo mukanatani?

"Senyora, frango!" anatero bamboyo m'Chipwitikizi, akunditambasulira kachidutswa ka nkhuku pa nsonga ya mpeni. "Lawani kaye, kulawa sitilipiritsa."

Ndinayang'ana ku shopu ya nsalu. Achemwali anali atatembenukira kukhoma. Ndinadziuza kuti kulawa si kudya, ndiponso ndinalumbira ndili ku Malawi, kuno ndi dziko lina. Ndinalawa. Mayo ine! Ndinamva ngati makutu atseguka. Kachidutswa kanaitana phiko, phiko linaitana ntchafu, ntchafu inati siingayende yokha popanda buledi uja wa ku Mozambiki wolimba kunja, wofewa m'kati. Ndinadya nditaima, nditabisala kuseri kwa thumba la makala, lamba akukana, ine ndikukankha. Kenako mtima wadyera unandinong'oneza kuti masiku a holide akadalipo, ndipo kunyumba kukundidikira masamba owiritsa. Ndinamuuza bamboyo kuti andikulungire theka lina la nkhuku, ndikadyera kuchipinda.

Atangomaliza kukulunga mu pepala n'kuika mu jumbo, ndinamva, "Feli! Feli uli kuti?"

Chikwama chili ndi achemwali. M'manja muli nkhuku. Kuitaya? Nkhuku imeneyo? Ndinazembera kuseri kwa chisakasa, ndinakweza bulauzi, ndinakoka lamba ndi mphamvu zanga zonse, n'kuilowetsa cha kumanja, pansi pa nthiti. Lamba anabwerera n'kuithina. Abale, nkhukuyo inali itangochoka pamoto. Ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe, ndinatsitsa bulauzi, ndinakonza chitenje, n'kutuluka ndikumwetulira ngati mkwatibwi.

Achemwali ananunkhiza m'mwamba. "Milomo ikung'anima bwanji?"

"Ndadzola mafuta, inauma ndi dzuwa."

"Nanga fungoli?"

"Ndinaima kumene kumapita utsi."

Anangoti, "Mhm." Achemwali akati mhm, dziwani kuti nkhani aisunga.

Pobwerera sindinachitenso makani, ndinakwera kabaza. Koma msewu uja uli ndi mabampu, ndipo bampu lililonse lamba ankaifinya nkhuku ija, jumbo lake linabooka ndi fupa, msuzi wa piripiri n'kuyamba kuyenderera. Pamene selotepi inandikanda pakhungu ndi pamene tsabola anapeza khomo. Munayamba mwathira tsabola pachilonda, inu? Ndinkangoyimba nyimbo ya kwaya chamumtima, misozi ili m'maso, wakabaza akuganiza kuti ndi mphepo.

Titatsika pa geti la Malawi, galu wina woonda, wa makutu ong'ambika, anadzuka pansi pa thiraki n'kubwera molunjika kwa ine. Anthu onse aja, amayi a madengu, osintha ndalama, madalaivala, iye anasankha ine. Ndikati "Choka!" ankabwerera pang'ono, n'kubweranso, mphuno ili cha kumanja kwanga, mchira ukugwedezeka. Anandiperekeza mpaka pakhomo la a kasitomu, n'kukhala pansi kundidikira ngati tinabwera limodzi.

M'katimo munali mzere. Achemwali anaika zitenje ndi mafuta awo patebulo, akuonetsa zonse mwachilungamo. Ine kumbuyo kwawo ndikulephera kuima malo amodzi, ndikupondaponda, dzanja lili pa nthiti, thukuta lili chuchuchu, maso ndikuthawitsa. Tandiuzani, munthu wozembetsa katundu amaoneka bwanji ngati si choncho? Mayi wina wa kasitomu, wamtali, wa yunifolomu yositidwa bwino, anali akundiyang'ana nthawi yonseyi.

"Mayi, inu mulibe katundu?"

"Ndilibe, ndangoperekeza achemwali."

Ndinati ndisunthe kuti ndimupatse njira munthu wina. Tswa, tswa, khuvu.

"Tabwerani kuno, mayi," anatero mwaulemu ndithu. "Tilowe m'chipindamu pang'ono."

Apa achemwali anaganiza zondithandiza, ndipo ndi pamene anandimaliza. Anakweza mawu holo yonse kumva: "Ameneyu ndi mng'ono wanga, mphunzitsi wa ku Blantyre, mlamu wawo wa a Zuze! Sangabe kanthu!" Anthu onse anatembenuka. Ndinaona wosintha ndalama wina akutuluka mothamanga, ndipo ndinadziwa kuti uthenga wapita kwa alamu. Apa mtima unagunda zenizeni, chifukwa ntchito ya alamu imayenda ndi dzina labwino pa boda paja, ndiye lero amve kuti mlendo wa m'nyumba mwawo wagwidwa atamanga katundu m'thupi?

M'chipinda tinalowa atatu, ine, mayi wa kasitomu ndi achemwali. Mayiyo anatseka chitseko n'kuyamba kundipapasa. Kumanzere, tswa. Kutsogolo, khuvu. Atafika kumanja anaima, anadina, ine n'kudumpha.

"Cholimbachi n'chiyani?"

"Fupa."

"Lanu?"

Ndine mayi wa mvano, kunama pamaso pa boma sindingathe. Ndinati, "Kunena kuti ndi langa ndi langa ndithu, koma sindinabadwe nalo."

"Masulani."

Zomata za lamba uja zikamamasuka zimalira, inu mukudziwa. Zinalira khwaaa, mpaka phokoso la mu holo linazima, ndinamva anthu kunja atakhala chete kumvetsera. Mimba yanga, imene inali m'ndende kuyambira m'mawa, inatuluka ndi ufulu wonse, ndipo nkhuku ija inagwa pansi kuti phwa, itaphwatalala ngati yapondedwa ndi thiraki. Chipinda chonse adyo yekhayekha. Mayiyo anatenga sizasi n'kudula selotepi, majumbo anatseguka, thukuta la tsiku lonse linakhuthukira pa simenti ngati munthu wataya beseni, mpaka iye anabwerera m'mbuyo kuteteza nsapato.

Koma ndimulemekeze mayi ameneyo, ntchito amaidziwa. Sanaseke. Anatola jumbo la nkhuku lija, anaika patebulo, anafunyulula pepala, anaitembenuza nkhuku ija, anasuzumira pansi pa phiko kuona ngati ndabisamo kanthu. Anapeza nkhuku yokhayokha. Mapewa ake okha ndi amene anayamba kugwedezeka.

"Mayi," anatero, "kankhuku kootcha koti mukadye nokha sitikanakuvutitsani nako. Mukanangonyamula m'manja. Nanga mumabisira ndani?"

Ndinatambasula dzanja n'kuloza achemwali.

Achemwali anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, pafupi ndi chithaphwi changa chija, akuseka mpaka kutsokomola, akumenya simenti ndi chikhatho. "Masamba owiritsa! Feli! Ine kumavutika kuthyola bonongwe m'mawa uliwonse!" Mayi wa kasitomu naye anagonja, anatembenukira kukhoma atagwira pakamwa. Atapezako mpweya anapukuta misozi, anayesa kubwezeretsa nkhope ya ntchito, n'kuloza pamimba panga pamene panali pofiira ndi tsabola.

"Apa palibenso china?"

Apa manyazi anali atandithera, chimene chinatsala ndi mkwiyo. Ndinaimenya mimbayo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Uyu katundu ndinatuluka naye m'Malawi muno m'mawa, ndabwerera naye yemweyo. Ndi wanga, ndinamusonkhanitsa ndekha kwa zaka zambiri, ndipo msonkho wake sindilipira."

Anangotsegula chitseko n'kunena kuti, "Pitani, mayi, pitani musanandichotsetse ntchito."

Ndinatuluka lamba ali paphewa, nkhuku ili m'manja. Panja anthu anali atadzaza ngati pabwera nduna. Ndinamva wina akuti ndi chamba, wina akuti ayi, azimayi a ku Blantyre amazembetsa miyala. Pakati pawo panatulukira alamu a Zuze, tayi ili pambali, mapepala a makasitomala ali m'manja, akupuma mwawefuwefu, nkhope itachita phulusa.

"Alamu, chachitika n'chiyani? Akupezani ndi chiyani?"

Achemwali anangondigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba ngati ndapambana nkhonya, nkhuku ili lende. Alamu anayang'ana nkhuku, anayang'ana lamba, anayang'ana bulauzi yanga yothimbirira mafuta. Anakonza tayi pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero mwaulemu wawo uja, "katundu ngati ameneyu mukanangondiuza. Kuombola ndi ntchito yanga."

Boda yonse inaphulika. Madalaivala, amayi a madengu, ngakhale wapolisi wa pageti anagwira m'mimba. Mayi wina wabizinesi anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, lambayo mukugulitsa? Akuoneka kuti amasunga bwino katundu."

Mukuganiza kuti ndinathawa? Ndithawe chifukwa chiyani, ndinaba nkhuku ya munthu? Ndinayala chitenje pa khonde pomwepo, ndinakhala pansi, ndinapuma mpweya wokwanira koyamba tsiku limenelo, n'kufunyulula nkhuku yanga. Inali yophwanyika, yofunda ndi kutentha kwa thupi langa lomwe, koma ndinaidya anthu onse akuona, mwakachetechete, fupa lililonse ndikuliyeretsa n'kumuponyera galu uja, poti iye yekha ndi amene anadziwa zoona kuyambira pachiyambi ndipo sanauze munthu. Achemwali anatambasula dzanja kuti ndiwagawireko. Ndinati, "Pepani achemwali, iyi ndaivutikira, yandiotcha, yandimangitsa. Inu kadyeni bonongwe."

Masiku otsala a holide ndinadya patebulo ngati munthu, pang'ono pa chilichonse, m'mawa n'kumayenda mpaka kumsika ndi kubwerera, wopanda jumbo, wopanda selotepi, ndikupuma ngati mmene Mulungu anandilengera. Pamimba panatenga masiku kuti papole, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la piripiri nthiti za kumanja zimayamba zokha kunyerenyetsa. Thupili ndikulichepetsabe, musaganize kuti ndagonja, koma ndikulichepetsa poyera, ndipo amene akuona kuti likuchedwa akadandaule kwa amene analipanga.

Chimodzi chokha ndinalumbira pa khonde lija, mafuta ali m'zala, ndipo ichi chokha sindidzaphwanya: nkhuku ikafuna kufika pamimba panga, izidzera pakamwa ngati zinzake.